Ndinanama kuti kompyuta ya malemu mkazi wanga ndi yakufa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Ntchito yanga ndi kututa masamba kuminda kupita nawo kufakitale. Kwathu ndi ku Muloza, kumalire, koma ndakhala zaka zisanu ndi ziwiri pachikamwini kufupi ndi Thuchila, kwawo kwa mkazi wanga. Mkazi wangayo, amene m'kalata muno ndimutchule kuti Millie, anatisiya mu Febuluwale atadwala milungu iwiri yokha. Mwana tinalibe. Loweruka lomaliza la mwezi uno akuchikazi akundisudzula kuti ndibwerere kwathu monga mwa mwambo, ndipo zimenezo sindikudandaula nazo. Chandilembetsa kalata ino ndi gemu ya pakompyuta. Sekani ngati mukufuna, bola muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa kuno ndilibe wina woti ndingamuuze.

Millie anali mphunzitsi pasekondale ina yoyendera, ndipo ankaphunzitsanso ana makompyuta. Chaka china anatulukira pakabaza atanyamula kompyuta yakale, ya bokosi lalikulu ija, imene ofesi ina inkafuna kutaya. Inkalira ngati chigayo cha dizilo, ndipo ukaiyatsa unkatha kupita kukasamba n'kuipeza isanamalize kudzuka. Anakhala nayo pansi masiku awiri, n'kuchotsamo zonse, n'kuikamo chimene ankati Linux. Anandifotokozera kuti imeneyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Windows imene anthu anaizolowera, koma iyi ndi yaulere, anthu amaipanga mothandizana, ndipo aliyense akhoza kuitsegula n'kuona mmene anailukira. Ine ndi kamwa yangayi ndinati, "Chaulere sichikhala chabwino." Iye osatembenuka n'komwe anati, "Nanga inuyo Adalaivala ndinakugulani zingati?" Kwathu kuno sitilowola, ndiye anandigonjetsa pomwepo.

Magemu a mpira ndi a nkhondo amene anyamata amalimbirana m'mashopu aja, kompyuta yathu inalibe mphamvu yowanyamula. Millie anapeza ina yaulere, yosalira intaneti, yomanga ndi timabokosi tonga njerwa. Umakumba dothi, kudula mitengo, kuswa miyala, n'kumanga chimene mtima wako wafuna. Palibe wopambana ndipo palibe wogonja. Poti kompyuta inali imodzi ife tili awiri, tinagawana: iye kiyibodi, ine mausi. Wa kiyibodi ndiye amayendetsa kamunthu kam'gemumo, wa mausi amakatembenuza mutu ndi kuika njerwa. Masiku oyamba tinkangogwera m'maenje ndi m'madzi, uku tikulozana zala. Iye ankati, "Munthu woyendetsa thirakitala osadziwa kumanzere, laisensi munaitola kuti?" Koma patapita miyezi sitinkauzananso chochita. Ndikangotembenuzira mutu kumtsinje, iye wayamba kale kuyenda.

Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, magetsi akakhalapo, tinkakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Tinatero zaka zinayi. Nyumba yathu yeniyeni ndi ya zipinda ziwiri, anasiya ndi bambo ake, ndipo mvula ikabwera timasuntha bedi. Koma m'gemumo tinamanga nyumba ya khonde lozungulira, khitchini ya m'kati, ndi zenera lalikulu loyang'ana kuphiri. Phirilo tinaliumba tokha, thanthwe lake lalitali ngati la Chambe, mtsinje ukutsika pambali ngati Likhubula. Kumunsi tinayala mizere ya tiyi, ndipo iye anaumirira kuti pakhale shedi ya thirakitala, ati ndisamadandaule kuti kunyumbako ndilibe changa.

Pali chipinda chimodzi chimene sitinafolere. Makoma anatha, zenera lilipo, pansi tinayala matabwa oyera, koma tsiku limene ndinafuna kuika denga anachotsa manja pakiyibodi. Anati, "Chimenecho chisiyeni. Tidzafolera mwini wake akabwera." Zaka zonsezo anthu ankatinena za kusabereka, kumjigo, kumsika, ngakhale kutchalitchi. Millie sanayankhepo munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo ine ndi iye nkhaniyi sitinkaikamba kawirikawiri. Koma tikamazungulira nyumba ija, ankatiimitsa pakhomo pa chipindacho kanthawi tisanapitirire.

Maliro atatha, a Moffat, malume ake a Millie, amene ndi mwinimbumba, analamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka tsiku losudzula. Zovala anazimanga m'zitenje, mabuku m'makatoni, kompyuta anaifunditsa nsalu. Ndinapirira milungu itatu. Aphungu, anthu opepesa amatha msanga. Mkamwini wopanda mkazi, wopanda mwana, pamudzi amakhala ngati mlendo amene basi yamusiya: amakupatsa moni bwinobwino, koma aliyense akudziwa kuti ukudikira kupita. Lamulungu lina ndinabwera kutchalitchi, chiperoni chitakuta phiri lonse, ndinakhala pampando mpaka ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa mawu amene ndatulutsa ndi "ameni" yekha. Ndinavundukula nsalu ija.

Ndinapeza kamunthu kathu kataima pakhonde pomwe tinakasiya mu Januwale, katayang'ana kuphiri. Ndinaika dzanja lamanzere pakiyibodi, pamalo pake pa Millie, pomwe zilembo zinayi zinafufutika ndi zala zake. Kuyenda kunandikanika. Ndinkagunda makoma, kugwa pamasitepe, kulowa m'munda wa tiyi chammbuyo. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, chifukwa kumanda kunali anthu ondiyang'ana. Kuchokera tsiku limenelo, ndikaweruka kuntchito ndimatseka makatani, kuzimitsa mawu, n'kulowa. Sindimanga kanthu. Ndimangozungulira nyumbayo, kukaima m'chipinda chopanda denga chija, kenako ndimazimitsa n'kubwezera nsalu mmene inalili.

Tsopano imvani kupusa kwanga. Mwezi watha kunabwera mlamu wanga Winston, mlongo wake wa Millie, amene ali ndi kashopu pa Chinakanaka kothirira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. A Moffat anamutuma kuti adzaone katundu yense tsiku lisanafike. Anayatsa kompyuta ija n'kuyamba kusakasaka zimene anazolowera, osazipeza. Anati, "Alamu, imeneyi bwanji ikuoneka chonchi? Yagwidwa matenda eti?" Ndinaganiza kuti akadziwa kuti ndi yamoyo aitenga basi, koma chinthu chakufa palibe amachilimbira, angondisiyira ngati khasu lothyoka ndipite nacho ku Muloza. Ndiye ndinati, "Inafa kalekale imeneyo, alamu. Mulibe kanthu mmenemo. Malemu ankangoisunga."

Winston anamwetulira. "Musadandaule alamu, ndili ndi mnzanga Lenard, ndi katswiri. Aifomata n'kuikamo Windows, izikagwira ntchito kushopu. Achemwali asangalala kuti sinatayidwe." Kufomata ndimakudziwa, Millie anandiphunzitsa: ndi kusesa zonse za m'kati osasiya ngakhale kadontho. Nkhani inapita kwa a Moffat, ndipo anagwirizana kuti kompyuta ndi ya Winston, Lenard adzabwera Loweruka lomwelo mwambo ukangotha. Ndipo ngati kuti zimenezo zachepa, a Moffat anandiyamikira pamaso pa abale kuti, "Mkamwini uyu ndi wosowa. Wasunga katundu wa mwana wathu osakhudza ngakhale supuni." Ndinangoyang'ana pansi, iwo n'kumayesa ulemu.

Ndiye ndili pakati. Ndikanena zoona, ndiulula milandu iwiri nthawi imodzi, kuti ndinanama komanso kuti ndinaphwanya lamulo la mwinimbumba tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu. Akandifunsa chifukwa, ndidzati chiyani? Bambo wa imvi m'ndevu kulirira nyumba ya timabokosi? Anthu awa andisunga bwino zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndimafuna kuchoka ndi dzina labwino, poti ndi lokhalo ndikupita nalo. Koma ndikakhala chete, zaka zinayi za manja a Millie zisesedwa ine ndikumwa thobwa panja. Ndinayesa kujambula sikirini ndi foni, zithunzi makumi atatu ndi kanthu, koma m'chithunzi sungayendemo. Ndinaganizapo zokabisa kompyutayo kuntchito n'kunena kuti kunabwera akuba, ndiye ndinadziona kuti ndayamba kusanduka munthu amene Millie sakanamulola kukhala naye pampando umodzi.

Bedi, mipando, ziwiya, zonse atenge, sinditsutsa. Ngakhale bokosi la kompyutalo sindikulifuna kwenikweni. Ndikufuna nyumba ija. Kodi ingatheke kutuluka mmenemo, kapena inamera m'zitsulo momwemo? Ngati ingatuluke, kuitenga si kuba katundu wa malemu? Ndipo mundiuze mosabisa, Aphungu, kodi mutu wanga uli bwino? Ndasungulumwa kwambiri, moti nthawi zina ndimaona ngati kumene ndimakhaladi ndi m'gemumo, kuno ndimangobwera kudzagwira ntchito.

B.N., Thuchila

Bambo B.N.,

Pepani ndi imfa ya akunyumba. Sindinaseke, ndipo mutu wanu uli bwinobwino. Ena amasunga chitenje chosachapa, ena amakana kufufuta nambala ya malemu m'foni, inu mwasunga nyumba imene munamanga awiri. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chamanyazi ndi bodza lija, ndipo pamenepo sindikunyengererani. Munafuna kuteteza chinthu pochitchula chakufa, mwaiwala kuti kwathu kuno chakufa sichitayidwa, chimapita kwa okonza.

Tiyambe ndi nkhani yabwino. Ndinatenga kalata yanu, dzina nditabisa, kupita nayo kwa amene amatikonzera makompyuta kuno kuofesi. Akuti nyumba yanu sinamere m'zitsulo ayi. Magemu otere amasunga dziko lonse limene mwamanga mu foda imodzi, ndipo foda imakopedwa. Mukatsegula pamene pamakhala mafayilo a Millie, dinani Ctrl ndi H nthawi imodzi, muona mafoda obisika amene mayina awo amayamba ndi kadontho. Kawirikawiri mupezapo ya dzina la gemu yanuyo. Ikopereni yonse pafulashi, kachipangizo kosungira mafayilo kaja, osasankhamo, ndipo mafulashi akhale awiri chifukwa imodzi imatha kutayika kapena kuchapidwa m'thumba la buluku. Musakhulupirire kuti zatheka mpaka mutaiyesa pakompyuta ina n'kuona khonde lanu ndi maso. Ngati fodayo simukuipeza, pemphani mphunzitsi mnzake wa Millie, kapena Lenard yemweyo. Munthu wodziwa kusesa amadziwanso kusamutsa.

Apa ndi pamene akazi anu anakusankhirani bwino. Linux ndi gemuyo n'zaulere, ndiye mukhoza kuziika pakompyuta iliyonse, ku Muloza kapena kwina, popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Akuti Linux imathanso kuyaka kuchokera pafulashi pakompyuta yobwereka, osasokoneza za mwini wake. Nyumba yanu ikhoza kukwera nanu minibasi m'thumba la malaya.

Mwafunsa ngati ndi kuba. Kukopa kuli ngati kupala moto: mwatenga, koma kwa mwini sikunachepe. Komabe wopala moto amaodira pakhomo, salowera kuseri. Mwazemba miyezi isanu, ndipo mwaona kumene kuzembako kwakufikitsani. Musawonjezere ulendo wina wozemba.

Sabata ino, osati yamawa, pitani kwa ankhoswe anu. Ntchito yawo sinathe, imatha tsiku losudzula. Auzeni zonse monga mwandiuzira ine, ndipo akuperekezeni kwa a Moffat tsiku wamba, pasanasonkhane anthu. Mukafika musazungulire. Nenani kuti kompyuta ndi yamoyo, munanama chifukwa cha mantha, ndipo mwakhala mukuiyatsa chifukwa m'nyumba munali zii. A Moffat akhoza kukalipa, ndipo ali ndi chifukwa, poti anakuyamikirani pagulu. Akatchula nkhuku ya chipepeso, perekani osanyinyirika. Dzina labwino limene mukuliteteza panopa si lanu, ndi la mkamwini wina amene sanakhudze supuni. Lanu lenileni ndi la munthu amene analephera kupirira kusowa mwana wawo, ndipo sindikhulupirira kuti pali banja limene lingadane ndi mkamwini chifukwa cha zimenezo.

Pali china chimene chisoni chakubisirani. Mwalemba ngati kuti woferedwa ndinu nokha. Winston wataya mlongo wake. Mawu ake aja, akuti achemwali asangalala kuti sinatayidwe, si mawu a munthu wolanda katundu, ndi a munthu amene akufuna kusunga kanthu ka mlongo wake mmene iye akudziwira. M'kompyutamo simuli nyumba yokha. Mosakayika muli zithunzi za Millie, zolemba zake za kusukulu, mwina ndi mawu ake. Bodza lanu likufuna kumupangitsa Winston kufufuta mlongo wake ndi manja ake iye osadziwa. Tsiku limene adzazindikire, mlandu umenewo sudzatha ndi nkhuku.

Dziwaninso kuti malamulo a dziko lino salola kuti mwamuna kapena mkazi woferedwa angolandidwa katundu wa m'nyumba, ndiye simukupempha ngati wopemphetsa. Koma sindikuona chifukwa chofikira kumeneko. Zonse zikakopedwa, zanu ndi za banja, msiyireni Winston bokosilo aikemo chimene akufuna, likamuthandize kushopu.

Lisanapite, chitani chinthu chimodzi. Tsegulani makatani, kwezani mawu, mukhazike Winston pampando wa Millie, manja pakiyibodi, inu pamausi. Adzagunda makoma, mudzamuseka monga ankakusekerani mlongo wake. Muonetseni phiri, tiyi, ndi shedi ya thirakitala, ndipo akuyendetseni mpaka pakhomo pa chipinda chija. Zofolera kapena kusafolera ndi zanu, ine sindilowererapo, ndipo palibe chokuthamangitsani. Ndingokukumbutsani kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo gemuyo Millie anaigawa pawiri dala.

Mukafika ku Muloza musakatsekenso makatani. Mawu anu akuti kuno mumangobwera kudzagwira ntchito andidetsa nkhawa kuposa bodza lija. Nyumba ija muzikaichezera monga timachezera kumudzi, Lamulungu masana monga kale, ndipo ngati n'kotheka pakhale wina pakiyibodi. Masiku enawo khalani kumene kuli anthu oyankha mukalankhula, kaya ndi pabawo, kukwaya, kapena kwa achibale. Mukaona kuti kudya kwakanika, tulo tasowa, kapena mwayamba kulakalaka kumutsatira, musadikire, uzani abusa kapena pitani kuchipatala, amathandiza zimenezi.

Chenjezo langa ndi ili. Mudzafuna kudikira mpata wabwino, tsiku limene a Moffat ali osangalala, kapena mudzadziuza kuti mukamunong'oneza Lenard pambali Loweruka lomwelo. Musayese. Tsiku losudzula kumakhala anthu ambiri ndi zokamba zambiri, inu mudzakhala pamphasa pakati pa akuluakulu osatha kudzuka, ndipo kufomata sikudikira kuti thobwa lithe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Pamudzi ponsepo amene akudziwa kuti m'bokosimo muli nyumba ndinu nokha. Mukakhala chete mpaka Loweruka limenelo, musadzanene kuti anaigwetsa ndi Winston kapena Lenard. Mudzakhala mwaigwetsa ndinu.

Aphungu